Mlandu wa Pamphambano

Padangotero.

Kalekale nyama za m'chigwa cha Shire zinkadziwa malire a mtundu umodzi wokha: ukamva fungo la mkodzo wa mnzako pachitsamba, bwerera. Kunalibe mapu, kunalibe chidindo. Koma nyama zili ndi nthenda yotengera zochita za anthu, ndipo zikamatengera sizisankha. M'chaka cha 1998, anthu atagawa boma la Machinga n'kupanga boma latsopano la Balaka, mtsinje wa Shire n'kukhala malire pa Liwonde, nazonso zidaitanizana n'kugawana dziko momwemo. Kuvuma kwa mtsinje, ku Liwonde, zidalonga Che Mvuu. Kuzambwe, ku Balaka kwa malambe ndi thonje, zidalonga Che Fisi. Awiriwo adagwirana chanza pamlatho, natchulana achimwene, aliyense n'kubwerera kwawo kukamanga nkhokwe yake ya msonkho.

Ukawoloka mlatho wa Kamuzu Barrage kuchokera ku Liwonde, usanatuluke n'thukuta lomwe, umafika pamene msewu umagawikana: wina kulowera ku Ulongwe mpaka ku Mangochi, wina kulunjika ku Balaka. Anthu amati pa Mangochi Turn-off. Nyama zimati Pamphambano. Papepala malowa adagwera kwa Che Fisi, chifukwa ali kuzambwe kwa madzi. Koma mapazi a nzika zake ankaloza kwina. Mwana akatentha thupi usiku ankathamanga naye ku Liwonde, kumene kuli chipatala chachikulu cha boma la Machinga. Mchere, sopo, sitima, zonse ku Liwonde. Ku Balaka, mtunda wa makilomita ngati 30, ankapitako pokhapokha ataitanidwa.

Zaka zoyambazo palibe adalabadira. Che Fisi sankafuna n'kumva komwe dzina la malowo, pakuti m'banja mwawo muli mbiri yowawa ya agogo awo amene adang'ambika miyendo pamphambano, atamva fungo la nyama mbali ziwiri. Che Mvuu nawo masana ankagona, usiku ankadya, ndipo tsidya linalo ankalidziwa ngati dimba la chimanga chabe.

Kenaka malowo adayamba kunona. Maminibasi a ku Mangochi ndi a ku Balaka adayamba kudikirira okwera pomwepo. Gologolo adagula njinga n'kuyamba kabaza. Nungu adaika chiwaya cha tchipisi. Anyani adamanga mashopu a njerwa zootcha, ndipo Abiti Nkhanga, mayi wamasiye wa anapiye asanu ndi awiri, adayala thebulo lake la mazira owiritsa ndi zitumbuwa pansi pa mtengo wa nimu. Mbewa yekha ndiye adakana kuchita malonda m'mbali mwa msewu. Adati waona zimene zimachitikira abale ake m'misewu ya m'dziko muno, atatungidwa pakamtengo, ndipo safuna kuti okwera basi asokoneze wogulitsa ndi katundu.

Ndalama ili ndi fungo loposa nyama yowola. M'mawa wina kudatera Akhwangwala atanyamula mabuku a ziphaso. "Tatumidwa ndi Che Fisi, eni nthaka ino. Aliyense adule chiphaso cha msika." Nyama zidadula. Dzuwa litapendeka kudatera Akakowa, oyera mbee, nawonso ndi mabuku awo. "Tatumidwa ndi Che Mvuu. Tauni ya Liwonde siithera pamadzi. Makasitomala anuwa ndi athu, dulani chiphaso."

"Koma bambo, tadula kale m'mawa," adatero Abiti Nkhanga, akuonetsa kapepala.

Kakowa adakayang'ana kapepalako mozondotsa. "Ichi n'cha ku Balaka, mayi. Mukachionetse ku Balaka."

Kuyambira tsikulo nyama za Pamphambano zinkadula kawiri.

Tsono pamudzipo panali Che Kalulu, amene adadzisankha yekha kukhala mlembi pa msonkhano umene ena onse adaumva utatha. Che Kalulu adali ndi makaundula awiri, wachikuto chofiira ndi wachikuto chobiriwira, ndipo awiriwo sankagona m'chipinda chimodzi. Lolemba ankakwera minibasi ya ku Balaka ndi wofiira uja, kukagwada kwa Che Fisi: "Bwana, ife ndife ana anu. Mvuu ndi wakuba." Lachinayi ankawoloka mlatho ndi wobiriwira: "Bwana, mwana wa kwa Fisi ndani? Ife michombo yathu idakwiriridwa moyang'ana ku Liwonde." Ikafika nyengo ya makuponi a feteleza, mudziwo unkalandira mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti makuponiwo ankathera m'chikwama cha mlembi. Chikabwera chimanga cha chithandizo, chimodzimodzi. M'makaundulamo mudali maina a amoyo, a akufa, ndi a banja lonse la Chiswe, aliyense payekhapayekha. Puloti imodzi Che Kalulu ankaigulitsa kawiri, wina n'kumupatsa kalata ya chidindo cha Balaka, wina ya chidindo cha Liwonde, ogulawo n'kumakaswana mitu pamalowo iye ali pa bawo.

Tisamunamizire zonse Kalulu. Nzika zina zinkadziwa, ndipo zinkakhala chete zikalandirako kathumba. Gologolo, Akhwangwala akamugwira wopanda chiphaso cha njinga, ankati ngwa ku Liwonde, ndipo Akakowa akamugwira ankalumbira kuti ngwa ku Balaka. Amene ankalipira mokhulupirika ndi okhawo a thebulo losathawika nalo.

Mu Januwale 2015 kudagwa mvula imene anthu a ku Machinga ndi Balaka sadaiiwale mpaka lero. Pamphambano panalibe ngalande ngakhale imodzi. Dzala la pamsika, limene palibe adaliwolapo chiyambire, lidatseka njira ya madzi, madziwo n'kulowa m'nyumba. Usiku umenewo anapiye atatu a Abiti Nkhanga adakokoloka kulowera ku Shire.

Kutacha mayiyo adawoloka mlatho. Adapeza Che Mvuu atangotulutsa mphuno pamadzi.

"Pepani kwambiri, mayi," adatero Che Mvuu, nayasamula mpaka mbalame zidathawa mumtengo. "Koma taonani mapu. Ulamuliro wanga umathera pakati pa mtsinje. Ndikakukumbirani ngalande tsidya ilo, achimwene anga a ku Balaka adzati ndawalanda dziko. Ine ndimalemekeza malamulo."

Abiti Nkhanga adayenda wapansi mpaka ku Balaka. Adadikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, Che Fisi ali ku nkhomaliro.

"Inu a Pamphambano mumatikumbuka pamavuto pokha," adatero Che Fisi atabwera, akutokosa m'mano. "Mukadwala, ku Liwonde. Mukalemera, ndalama mukadyera ku Liwonde. Lero madzi a Mvuu akulowerani m'nyumba, mwati Fisi. Madziwo ndi anga ine? Kodi mwandionapo ndikusambira?"

Pobwerera mayiyo adaima pamlatho n'kuyang'ana pansi, pamene namasupuni amaunjikana. Pamchenga padali Che Ng'ona, maso ali psii, mimba ili tantha. Che Ng'ona sadafunsepo munthu chiphaso chibadwire, ndipo sadanenepo kuti Pamphambano ndi pawo. Chogwera m'madzi kuchokera kuvuma amalandira, chochokera kuzambwe amalandiranso.

Zikadapitirira choncho mpaka kalekale, pakadapanda mphekesera. Idabwera ndi Namzeze, amene amayenda maiko: akuti kuli alendo ena akufuna kupereka ndalama zomangira msika wamakono ndi depoti Pamphambano, ndipo ndalamazo adzazipereka m'manja mwa mwini malowo. Sabata isadathe, Che Fisi adaiwala za agogo awo, nabwera kudzakhoma chikwangwani cholandira alendo ku Balaka. Usiku Che Mvuu adachigwetsa ndi thako n'kuikapo chawo. M'mawa Akhwangwala ndi Akakowa adathothorana nthenga pamaso pa okwera basi.

Mlandu udafunika woweruza. Adayamba kwa Che Mkango, ku nkhalango ya Liwonde. Che Mkango adayankhulira kuseri kwa waya wa magetsi. "Ine ndine mlendo kuno. Adachita kundibweretsa a African Parks mu 2018, makolo anga atatha kale m'nkhalango ino. Mlendo saweruza za malire." Adapita kwa Che Njovu. Iwo adapukusa makutu. "Abale anga adagona ku Liwonde n'kudzukira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, atakwezedwa pa malole. Ena mu 2022 adadzukira ku Kasungu. Ine amene sindidziwa kumene ndidzuke mawa, ndinene kuti wakuti ngwa kuti?"

Ndi Kadzidzi amene adakumbutsa za Che Kamba a ku nyanja ya Chiuta. "Amenewo akhala pamalire moyo wawo wonse. Ndiponso ndi okalamba, sadya zambiri."

Che Kamba adakwera sitima pa Nayuchi, pa njanji ija idatsegulidwa mu 1970 yopita ku Nacala, natsikira pa Liwonde atanyamula kathumba ka matemba ouma. Bwalo lidakhala pamlatho penipeni, chifukwa Che Fisi adakana kupondako kuvuma, Che Mvuu nawo adakana kupondako kuzambwe masana. Adawerenga zitseko 14 za baraji ija, imene anthu adaimanga mu 1965 kuti azisunga madzi opukusa makina a magetsi ku Nkula, nayala mphasa ya woweruza pakati pa chitseko chachisanu ndi chiwiri ndi chachisanu ndi chitatu.

Che Fisi adayamba. Adatambasula mapu, naponda ndi chikhadabo pamzere wa mtsinje. Adati lamulo ndi lamulo, ndipo ngati kuyandikira kukadakhala umwini, bwenzi mkazi wa mnansi ali wako. Bwalo lidaseka, ena mochita kubisa nkhope. Che Mvuu adati mapu sadwala malungo. Adafunsa kuti ndani mwa a Pamphambano adabadwira ku Balaka, ndani amagula mchere ku Balaka, ndipo pakadapanda mlatho ndi tauni ya Liwonde, pamalopo pakadamera chiyani kupatula minga. Ali mkati molankhula, kudatera Che Nkhwazi kuchokera ku Mangochi, nati iwo sakufuna zambiri, koma poti malowo amatchulidwa dzina la kwawo, msika ukamangidwa awaganizireko kachigawo. Adawauza kuti akhale kaye pansi.

Che Kalulu adaitanidwa ngati mboni ya mbali zonse ziwiri. Adalankhula nthawi yaitali ndithu, ndipo atakhala pansi Che Fisi ndi Che Mvuu onse adawomba m'manja.

Pomaliza Che Kamba adatulutsa mutu.

"Ana anga, ine kwathu ndi ku Chiuta. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi adakhala pansi kwawo ku Ulaya n'kulemba kuti malire adzatsata gombe la kuvuma la nyanja yathu. Sadafunse nyanjayo ngati gombe lake limagona malo amodzi. Chiuta ndi nyanja yosaya. Dzinja imatambasuka, chilimwe imakhwinyata, ndipo mvula ikachuluka imagwirana ndi Amaramba ku Mozambique, madzi n'kumapita ku Lugenda. Ine ndagonapo ku Malawi n'kudzuka ndili ku Mozambique osasuntha mwendo. Makumba ndi milamba ya kwathu imaswana uku n'kukadya uko, ndipo palibe idaonetsapo pasipoti."

Nyama zidatchera makutu.

"M'zaka za m'ma 1990, Chilwa ataphwa, kwathu kudadzaza asodzi a makoka a nkacha, aja amakokolola ndi ana a nsomba omwe, madzi n'kusanduka matope. Eni mudzi adadikira kuti wina wochokera kutali adzawalanditse. Atatopa kudikira adadzuka okha, napanga makomiti a m'madoko, nathamangitsa makokawo. Kuyambira pamenepo ine ndikafuna kudziwa mwini malo sindiyang'ana pepala. Ndipatseni masiku awiri ndiyendere mudziwu."

Adayendera, Abiti Nkhanga akuwatsogolera. Adaona dzala lofika m'chiuno mwa Nyani. Adafunsa chimbudzi cha pamsika, nawalozera kutchire. Adafunsa mjigo, nawaonetsa chitsulo chimene chidathyoka chaka cha mvula ija. Adaona puloti imodzi ili ndi maziko awiri opingasana. Madzulo Abiti Nkhanga adawatulutsira chitini chodzaza ziphaso, za m'mawa mbali ina, za masana mbali ina, zomangidwa ndi luzi chaka ndi chaka. Che Kamba adaziyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Tsiku lachitatu bwalo lidadzaza mpaka magalimoto adaima.

"Chigamulo ndipereka mawa," adatero Che Kamba, "koma ndikuuzirenitu mutu wake kuti mugone mukuudziwa. Mwini Pamphambano ndi amene awole dzala lija, akumbe ngalande ndi chimbudzi, akonze mjigo, ndi kubweza kwa mayi awa ndi anzawo chiphaso chimodzi pa ziwiri zilizonse zimene adadula. Mnzakeyo achotse alembi ake. Ndipo makaundula onse a mudziwu abwere pamphasa pano, tiwayale pamodzi."

Kudangoti zii. Kenaka Namzeze, amene sadziwa kusunga nkhani, adanong'oneza Khwangwala kuti alendo a ndalama aja akuti asintha maganizo, msika akamanga kwina. Nong'onong'o adayenda mofulumira kuposa madzi a pansi pa mlatho.

Che Fisi adatsokomola. "Agogo, ine ndaganiza mofatsa. Achimwene angawa anena zoona. Anthuwa mitima yawo ili ku Liwonde. Ine sindingakakamize mwana kukhala pakhomo pamene sakufuna. Achimwene, tengani."

"Iyayi, achimwene," adatero Che Mvuu. "Ine ndaonanso mapu aja usiku. Mzere uja ngwoonekeratu. Ndingakhale ndani ine kuti ndiphwanye lamulo la 1998? Malowa ndi anu."

"Ndi anu!"

"Ndati ndi anu!"

Akadagwirana pakhosi pokanirana mudzi umene dzulo lake ankaulimbirana, koma dzuwa lidalowa.

Amene sadaone tulo ndi Che Kalulu. Wofiira ndi wobiriwira pamphasa imodzi! Chiswe chonse chija, akufa onse aja, mapuloti aja! Pakati pa usiku adagogoda pa chipinda cha Che Kamba ku loji ya m'mbali mwa mtsinje, atanyamula mbale ya chambo chowotcha ndi mpunga, kunsi kwa mbaleyo kuli envulopu.

"Agogo, ndabwera ndi alawansi yanu ya masiku atatu."

"Alawansi n'chiyani, mwana wanga?"

"Ndi ndalama ya kukhala pansi, agogo. Tsiku lililonse limene mwakhala pamlandu, mumalandira. Palinso ya chakudya, ngakhale mwadya kale. Palinso ya malo ogona, ngakhale mwagona kale. Palinso yobwezera thiransipoti kuchokera ku Nayuchi."

Che Kamba adatsegula envulopuyo, nawerenga, nawerenganso. Ku Chiuta, akaweruza mlandu wa maukonde obedwa, ankawathokoza ndi mbale ya matemba.

"Ndiye mlandu ukatha mawa?"

"Alawansi yatha mawa, agogo."

"Ukapanda kutha?"

Che Kalulu adangoyang'ana kudenga.

M'mawa Che Kamba adafika pabwalo mochedwa, pakamwa pakunyezimira mafuta. Adati usiku makolo adawalankhula kutulo. Adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhani ya malire siithamangiridwa, poti ngakhale Angelezi ndi Apwitikizi adabwereranso pa tebulo mu 1954 kukakonza za malire awo. Choncho m'malo mwa chigamulo akhazikitsa komiti yoti ifufuze mozama. Wapampando akhala iwo eni, poti palibe wina wodziwa za malire. Achiwiri awo akhala Che Fisi ndi Che Mvuu, mofanana. Mlembi, Che Kalulu, amene asunge makaundula onse awiri kunyumba kwake kuti asanyowe. Che Nkhwazi alowa ngati oonerera. Pa za msungichuma padavuta pang'ono, mpaka wina adati pafunika nyama imene chikalowa m'manja mwake sichituluka wamba. Onse adasuzumira pansi pa mlatho. Che Ng'ona adatsegula diso limodzi, navomera.

Abiti Nkhanga adaimika phiko. "Nanga dzala lija, agogo? Nanga ziphaso zanga?"

"Zimenezo ndiye ntchito ya komiti, mayi. Ndipo inu takuikani kuti muziimira amayi." Udindo wake udali wophika tiyi pa nthawi yopuma. Woimira amayi analibe alawansi, chifukwa ankachokera pafupi.

Padatsala funso loti ndalama za alawansi zizichokera kuti. Che Fisi adati nkhokwe ya Balaka singalipirire mudzi umene mwina ndi wa Liwonde. Che Mvuu adati nkhokwe ya Liwonde singalipirire mudzi umene mwina ndi wa Balaka. Che Kalulu adapereka nzeru yoti, poti komitiyo ikugwirira ntchito a Pamphambano, a Pamphambanowo ndiwo aziithandiza. Adagwirizananso kuti pamene kafukufuku ali mkati zinthu zikhale monga zinalili, kuti pasaoneke kukondera: Akhwangwala m'mawa, Akakowa masana. Chiphaso chachitatu, cha komiti, amadulitsa ndi Atombolombo dzuwa likamalowa.

Komitiyo idakumana koyamba ku Liwonde, Che Fisi n'kudandaula. Idakumana kachiwiri ku Balaka, Che Mvuu n'kudandaula za kutentha ndi kusowa kwa madzi. Tsopano imakumana ku Mangochi, kunyanja, kumene kulibe mbali, moitanidwa ndi Che Nkhwazi. Yapitako kale ku Chiuta kukaphunzira mmene malire amayendera, ndipo ikukonza ulendo wina wokaona mathero a Shire. Che Kamba ku Chiuta adasamukako, adagula puloti Pamphambano kwa Che Kalulu, ya makalata onse awiri, koma ya thiransipoti amalandirabe yochokera ku Nayuchi. Chigoba chawo chayamba kuwathina.

Inu a paulendo, minibasi yanu ikaima pamenepo kudikira kuti idzaze, mudzaona mayi wa madonthomadontho pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwake kuli dzala. Dzira lake ndi lokwera mtengo kuposa la ku Liwonde ndi la ku Balaka lomwe. Gulani osanenerera, muli ziphaso zitatu m'menemo.